A Thumba, Wakuba Timapepala

A Thumba ankaba timapepala. Sankabisanso ayi: ankaba dzuwa likuswa mtengo, anthu akuona, n'kulonga m'thumba la malaya mpaka chifuwa chawo chinkaoneka chotupa mbali imodzi. Dzinalo linachokera pamenepo.

Gulu lawo linali la anthu asanu ndi awiri, olemba pulogalamu ya kampani ina yosunga katundu. Ntchito iliyonse inkalembedwa pa kapepala komata n'kuikidwa pabolodi la mizere itatu: Zoti Tichite, Tikuchita, Zatha. Pakatha masabata awiri aliwonse, Lachisanu, bwana wa kampaniyo ankabwera kudzaona zimene zatha, ndipo nkhope yake ndiyo inkanena ngati kontirakiti ipitirire kapena ayi. Mayi woyang'anira gululo, amene onse ankawatcha a Kapitawo, mtima unkakhala uli m'mwamba kuyambira Lolemba. Kwa iwo, mzere wa Zatha ukadzaza ndiye kuti anthu asanu ndi awiri akhalabe pantchito. A Thumba, amene ntchito yawo inali kuyesa pulogalamuyo, ndiwo ankaukhuthula mzerewo.

Pamsonkhano wa m'mawa, umene anthu ankachita ataimirira kuti usatalike, zinkayamba chonchi.

"Iyi yatha," ankatero a Magalasi, katswiri wa gululo, akumata kapepala monyadira.

"Mwaiona ikugwira m'manja mwa ndani?" ankafunsa a Thumba.

"Pakompyuta yanga ikugwira bwinobwino."

"Kompyuta yanuyo imanyamula makatoni?"

Kapepalako basi kalowa m'thumba.

"Achimwene, chonde," a Kapitawo ankachonderera chapansipansi, "Lachisanu ndi mawa."

"Achemwali, fodya wako ndi amene ali pamphuno. Wapabolodiyu ndi wamphepo."

Lachiwiri lililonse a Thumba ankakwera basi kupita kudepoti kumene pulogalamuyo inkagwiritsidwa ntchito, ulendo umene wina aliyense muofesimo ankauzemba chifukwa cha fumbi. Tsiku lina anabwerako ndi magolovesi okhuthala, onunkha girizi, n'kuwaponya patebulo la a Magalasi.

"Valani. Ndiye mulembe kuti kwafika makatoni khumi."

A Magalasi anavala, nadina foni. Chala chimodzi chinagwira mabatani atatu nthawi imodzi, pulogalamu n'kulengeza kuti kwafika makatoni zikwi khumi ndipo onse atumizidwa kale. Ofesi yonse inafa nalo phwete, kupatula a Kapitawo, amene anali kuwerenga masiku pakalendala.

Mupulogalamuyo munalinso tchati chamitundumitundu, chimene gulu linachikhetsera thukuta miyezi iwiri. A Thumba atapeza kuti kudepoti palibe ngakhale mmodzi anachitsegulapo, anavula chipewa pamsonkhano n'kupempha mphindi imodzi ya chete, ati tikumbukire mnzathu amene wapita asanaonedwe ndi munthu. A Magalasi sanawalankhule sabata yathunthu.

Lachisanu loopsa kuposa onse, pabolodi panayenera kukhala timapepala makumi awiri ndi titatu. Panali titatu. A Kapitawo anapita kuchimbudzi kanayi bwana asanafike. Bwanayo anayang'ana bolodi, kenako chifuwa cha a Thumba.

"Masabata awiri, zinthu zitatu?"

"Zitatu zimene anthu anu akugwiritsa ntchito, bwana. Zinazi zili muno, zikudikira mboni."

Bwana anaimbira foni kalaliki wa kudepoti pomwepo, mawu akumveka kwa onse. Kalalikiyo, mayi wosadziwa kunyengerera, anati batani lalikulu latsopano, lodinika ngakhale ndi magolovesi, lachititsa kuti malole asamachezere pageti, ndipo anthu ayamba kuweruka pa nthawi yake. Kenako anawonjeza madandaulo asanu ndi limodzi. Kontirakiti inapitirira. A Kapitawo anakhala pansi, n'kulumbira kuti tsiku lina adzasoka thumba limenelo ndi manja awo.

Sanafike posoka. A Thumba anadwala sabata imodzi yokha, n'kutsikira kulichete. Kumaliro kunabwera lole yathunthu ya anthu a kudepoti, ndipo a muofesi sanadziwe kuti awapatse moni wotani, chifukwa panalibe amene ankamuzindikira.

Chichokereni iwo, ntchito inayamba kuthamanga. Msonkhano wa m'mawa unkatha m'mphindi zisanu popanda wotsutsa. Pofika Lachitatu mzere wa Zatha unkakhala utadzaza thothotho, timapepala tina tikulendewera m'mphepete. Foni ya madandaulo inangoti zii. Zonse zimene a Kapitawo ankapempherera zinachitika, koma tulo sanalipeze. Chete ameneyu ankawaopsa kuposa mkangano uliwonse wa malemu aja, ndipo ankawasowa kwambiri.

Kutatsala masiku awiri kuti bwana adzagamule za chaka chamawa, a Kapitawo anaimbira kalaliki uja.

"Mayi, ndati ndimve za pulogalamu. Mwezi wonse simunadandaule, ndiye kuti zili bwino?"

"Iii, achemwali, ife tinabwerera ku kope ndi cholembera. Zatsopano zanuzo zimafuna munthu wokhala pampando, ife timagwira ntchito tili chilili."

"Nanga osatiuza bwanji?"

"Tikanauza ndani? Malemu aja tinkawakalipira chifukwa ankabwera, n'kuima nafe pafumbi. Inu tikukalipireni bwanji, nkhope yanu sitikuidziwa?"

A Kapitawo anaika foni pansi pang'onopang'ono. Muofesi munali mwaudongo, mozizira bwino, aliyense atavala zomvera m'makutu, zala zikuthamanga pamakompyuta. Anthu asanu ndi mmodzi anali kalikiliki kumaliza ntchito imene panalibe munthu ankaidikira.