Damu la a Mkwezalamba

Inu achinyamata a kalabu, ikani kaye cholemberacho pansi. Musanasaine pepala la mlendoyo, mumve mmene mwambi wa mvula ndi matope unayambira. Unayamba motere.

Chilala chitavuta zaka ziwiri, tcheyamani wa kalabu ya alimi, a Mkwezalamba, ankangoyang'ana kumwamba n'kumalira mvula. Ndiye kunabwera bwana wina wochokera kutsidya kwa nyanja. Sankatseka mano ameneyo, mpaka anthu anamutcha Kamwetulira.

"Ndikumangirani damu ndi mipope," anatero. "Mvula muzichita kutsegula ndi kiyi. Kubweza n'kwa pang'onopang'ono, chikole ndi dambo lanu basi."

Akazi awo, a Nangondo, anawakoka malaya. "Bambo, pepalali n'lalitali. Mwawerenga?"

"Iwe, waludzu amawerenga? Bwana, mangani lalikulu, a kutsidya kwa mtsinje atichitire nsanje!" Chala dii! papepalapo.

Madzi anabweradi, koma abale inu, madzi ake! Timinda tofuna ndowa khumi zokha za madzi tinalandira mtsinje. Msewu wonse unasanduka phala, magalimoto ogula tomato anasiya kubwera, tomato n'kuwolera m'madengu.

A Mkwezalamba anathamangira kwa Kamwetulira. "Musadandaule, ndikukongozani ndalama zina tikonze msewu." Chala dii! kachiwiri. Koma madzi aja anauwononganso msewuwo.

Nthawi yobweza itakwana, m'thumba munali mbee. Kamwetulira sanakalipe ayi. Anangotenga kiyi wa madzi n'kumuika m'thumba mwake. "Ndife abale. Chaka chino mudzale thonje, ndilo ndikufuna kwathu. Ndipo ku msonkhano wa makalabu, ine ndikatsokomola, inu mkono m'mwamba."

Zimandipsetsa mtima mpaka lero! Munthu wamkulu, wandevu zake, kukweza mkono chifukwa cha chifuwa cha mlendo. Tsiku lina ku msonkhanoko bwanayo anatsamwa ndi mtedza n'kutsokomola katatu, a tcheyamani n'kuvomereza zinthu zitatu asanazimve n'komwe. Chachitatucho chinali chopereka dambo kwa zaka makumi asanu ngongole ikapanda kutha pokolola.

A Nangondo atamva anamanga chitenje m'chiuno. "Dambo limene munali mbatata za amayi anga? Ndili moyo, ayi!" Anasonkhanitsa amayi, anasenza tomato pamutu kudutsa m'matopemo mpaka kumsika, ulendo ndi ulendo, miyezi isanu. Dambo analiwombola, koma mbuzi zonse za m'mudzi zinapita, pamodzi ndi njinga ya a tcheyamani.

Tsiku lokatenga kiyi, a Mkwezalamba anavala suti kuti akalandire okha. Atafika pakati pa msewu, phwathi! analowa mpaka m'chiuno.

"Mayo ine! Ndinalira mvula yokha, izi sindinapemphe!"

A Nangondo anawadutsa, dengu lili pamutu, osawapatsa ndi dzanja lomwe.

"Khalani momwemo, bambo, muwerenge bwino. Walira mvula, walira matope."