A Mbarek Otsanzika Lachisanu Lililonse

Kuno ku Mirleft kunali a Mbarek ometa tsitsi, munthu amene anatsanzika tauni yonse kwa zaka ndi zaka koma osapita kulikonse. Lachisanu lililonse potuluka mu mzikiti ankagwira anthu chanza, misozi ikulengeza, amvekere: "Tsalani bwino abale anga, mawa ndi ulendo." Loweruka mukawapeza pansi pa mtengo womwe uja akuphika tiyi.

Matendawa anawatengera kwa azungu okalamba omwe amabwera nyengo yozizira ndi magalimoto okhala ndi bedi, mbaula ndi chimbudzi mkati. Tsiku lina akumeta Mjeremani, anamva kuti mkuluyo akugulitsa yake. Anamusiya mutu uli theka n'kuthamangira kwa akazi awo.

"Ijja, longedza! Nyumba ino tikugulitsa, tizikhala m'galimoto."

"Mutu ukuyenda bwino, bambo a Zaina?"

"Nyumba yakoyi inayendapo? Inayo ikakutula pakhomo pa mwana wako ku Dakhla."

Apa anakhudza pachilonda. Zaina, mwana wawo yekhayo, anakwatiwa kutali kum'mwera, ndipo adzukulu ankangowamva mawu pa foni. Ulendo wa pa basi mayi Ijja sankautha, ankasanza isanatuluke n'komwe m'tauni. Chinanso, maso awo anali atayamba ng'ala, ndiye ankafuna kuona nkhope za anawo kusanade. Anavomera, nyumba inagulitsidwa, galimoto ija n'kugulidwa.

Koma kuno munthu sachoka ngati wakuba, ndipo wapaulendo sakana phukusi la mnzake. Nawonso anthu, aliyense anatulukira kuti ali ndi m'bale kum'mwerako. Kunabwera mafuta a mtengo wa argan, uchi, mabulangete, makina osokera, mpaka chitseko chachitsulo.

"Amalume, kakatundu kochepa aka mukapatse mwana wanga ku Laayoune," anatero Rkia, mayi woyandikana nawo. Kakatunduko kanali firiji.

"Ikani pabedipo," anayankha a Mbarek.

Tsiku lonyamuka galimoto inakhosomola, inakwawa mpaka pachitunda chotulukira m'tauni, kenaka inayamba kubwerera chafutambuyo mpaka pansi pa mtengo pomwe inachokera. Operekeza anali asanabalalike.

"Takulandirani!" anakuwa Lahoucine wogulitsa nsomba. "Kuli bwanji ku Dakhla? Mwanenepatu!"

Mayi Ijja sanaseke. "Tsitsani katundu wa eni akeyu."

"Ndiyambe wa ndani? Ndibweze wa Rkia, ndisiye wa Lahoucine? Anthu andiona bwanji muno?"

"Si mukuti tikuchokamo muno?"

"Ndiye ndichoke ndi manyazi?"

Anakonzetsa injini, n'kulengeza tsiku lina, ndipo kulengezako kunangoitana mapukusi ena. Akati alize galimoto, pankabwera wina kudzapereka moni, ndipo mlendo sabwerera kukhosi kuli gwaa. Tiyi wathu saphikidwa mothamanga. Pomatha kapu yomaliza dzuwa lapendeka, a Mbarek amvekere: "Ulendo wabwino ndi wam'mamawa."

Zaka zinapita. Uchi wa eni ake unauma m'mabotolo. Mayi Ijja ankagona chopinda pampando wakutsogolo, mutu atatsamira makina osokera, m'nyumba yawo yakale mukuyaka nyali za anthu ena. Zaina akaimba foni kufunsa kuti ali pati, ankayankha kuti, "Tili m'njira, mwanangu." Chitunda chija mayi Ijja anayamba kuchiona ngati utsi, kenaka anasiyiratu kuchiona. Ife tinkaseka, koma zinali zomvetsa chisoni.

Lachisanu lina a Mbarek anatsanzika monga mwa masiku onse, anthu n'kumati, "Mukapereke moni ku Dakhla." Loweruka ketulo sinafike pamoto.

Panalibe galimoto ina yonyamulira maliro, choncho amuna anayamba kutsitsa katundu. Aliyense anatola phukusi lake n'kulowera kwawo osayang'ana mnzake. Anawagoneka a Mbarek pabedi lija, lomwe sanaligonepo ali moyo. Lahoucine atangopotokola kiyi, injini inalira kamodzi n'kamodzi. Akazi kuno sapita kumanda poika maliro, ndiye mayi Ijja anatsala pansi pa mtengo, ketulo ili m'manja, akumvetsera nyumba yawo ikukwera chitunda osakhosomola ngakhale pang'ono.

"Kani imatha kukwera?" anafunsa.

Zaina anafika pa basi maliro ataikidwa kale, ana ake ali pambuyo. Mayi Ijja anawaitana mmodzimmodzi n'kumawasisita kumaso ndi manja. Pa mnyamata wamkulu, amene ankamudziwa ndi kamawu kopempha maswiti pa foni, zala zawo zinapeza ndevu.

Galimotoyo ikadali pansi pa mtengo, matayala ataphwa. Masiku ano Lachisanu timatuluka mu mzikiti, aliyense kuvala nsapato zake n'kumapita, popanda wotigwira chanza.