Mutu wakuda wa Che Chande

Ku Phalula aliyense ankadziwa kuti Che Chande sakalamba. Anzawo onse anachita imvi, iwo ayi. Ankaswa mabatire akutha a tochi, kusinja zakuda za m'katimo, kusakaniza ndi mafuta a nsatsi n'kupaka m'mutu.

Sikuti ankafuna akazi. Zaka za m'ma 1970 zimenezo, kukayamba kutentha, munda wa zipatso wa mzungu wina kumunsi kwa msewu unkalemba aganyu othyola mango, ndipo bwanayo anali atalamula kapitawo Yoram kuti wa imvi asalowe pageti. Che Chande anali mkamwini wochokera kwa Kawinga. Akazi awo a Lukiya atamwalira opanda mwana, abale a mkaziyo anatenga munda ndi nyumba yomwe. Chinawatsalira ndi kachipinda ka m'munda wa zipatsowo, komwe wothyola mmodzi ankaloledwa kukhala chaka chonse akulondera mitengo. Manda a Lukiya anali kutsidya kwa khwawa, ndipo Lachisanu lililonse ankapita kukazula udzu.

Mdani wawo anali dzuwa. Mzere ukatalika pageti, aliyense khadi la chipani m'manja, mankhwala aja ankasungunuka n'kumatsika m'masaya.

"Che Chande, mutu wanu ukulira," ankatero Yoram.

"Thukuta la unyamata limenelo, bwana kapitawo. Lanulo ndi lamadzi."

"Zaka?"

"Sate."

"Chaka chatha munati sate faifi."

"Ndinadwala malungo, zina zinachoka."

Yoram ankayang'ana kumbali n'kuwalowetsa.

Anthu amanena kuti nkhuku yoyera inagonapo pamtsamiro wawo n'kudzuka yakuda. Limenelo ndi bodza, mtsamiro analibe. Choona n'chakuti shehe anatembenuzapo kofiya yawo kumzikiti n'kuwafunsa ngati amakazingiramo chimanga.

Mango ena ankapita kushedi yofululira vinyo. Iwo, pokhala Msilamu, ankatula dengu pakhomo n'kufulatira msanga. "Ine ndawafikitsa ali halali," ankatero. "Zimene akachite m'migolomo akayankha okha."

Chaka china anagwa pamakwerero. Sanathyoke, koma bwana anali pomwepo, ndipo powadzutsa anawagwira m'mutu. Anayang'ana manja ake ali bii, kenako anayang'ana Yoram.

Kutatenthanso chaka chotsatira, Che Chande anaima pamzere atapaka mpaka ndevu.

"Sate, bwana kapitawo," ananena asanafunsidwe.

Yoram sanaseke. "Bambo, andiuza kuti mukalowa inu, ndituluke ine. Ndili ndi ana."

"Makwerero aja anali ovunda."

"Iyayi, bambo. Anali atsopano."

Che Chande anaima pomwepo, zakuda zikudonthera pamalaya. "Nanga kachipinda kaja?"

"Mawa mulowa wina."

"Ndiye Lukiya ndikamuuze kuti ndikupita kuti?"

Mzere unangowalambalala.

M'mawa mwake mkulu wina wa mutu woyera mbuu anadutsa pagetipo ndi kamtolo ka mphasa, n'kupereka salamu. Anthu anayankha monga amayankhira mlendo. Anadzazindikira kuti ndi Che Chande poona kayendedwe kawo atafika kale kumsewu, akukwera basi.

Za imfa yawo zinabwera ndi ogulitsa nsomba a ku Chiuta, mvula itayamba kale. Anaikidwa kwa Kawinga, ndipo akuti okumba manda ankafunsana kuti kodi mkuluyu ndi m'bale wa ndani. Pamanda a Lukiya pamera tchire lofika m'chiuno.

Mango akupsabe, vinyo akufululidwabe. Mzere wa pageti ndi wa anyamata okhaokha, umayenda popanda nthabwala ngati wa kuchipatala. Kale tsiku lolemba aganyu madala a ku Phalula ankapita ndi ndodo zawo kukaonerera ngati mnzawo adutse, ndipo akadutsa onse ankabwerera kunyumba msana uli chilili. Masiku ano akamva kuti kulemba kwayamba, amangokokera mpando pamthunzi.