Mabatire a Apongozi

Lolemba

Zatheka! Njala ya chaka chino yakumana ndi mwamuna.

Che Bwanali, eni shopu ya magemu kuseri kwa depoti ku Balaka, alengeza mpikisano wa Loweruka likubwerali. Gemu ya asilikali ya pa kompyuta, ija timawomberana m'mabwinja. Wopambana atenga thumba la chimanga. Lathunthu, losoka kukamwa, ndaligwira ndi manja angawa! Akuti anthu asiya kudzasewera chifukwa cha njala, ndiye awakoka ndi chimanga chomwecho. "Koma aliyense abwere ndi mausi yake, zanga zinatha mabatani," akutero.

Pa gemu imeneyi Balaka yense amandidziwa. Ntchito yanga ya kabaza yafa, anthu akuyenda pansi, choncho nthawi yoyeserera ndili nayo yochita kutaya.

Nkhani ili apa. Ndine mkamwini kuno ku Rivirivi, ndipo chiyambire dzuwa limeneli sindinalowetse ngakhale kambale ka chimanga pakhomo. Apongozi, mwa mwambo, salankhula nane maso ndi maso. Amalankhula ndi nkhuku. Yatsala imodzi, yaikazi, yakuda. M'mawa uno ndikupopa njinga ndamva: "Nkhuku iwe, likafika Lamulungu pakhomo pano pasanalowe thumba, ena akaone amayi awo ku Mposa."

Wa ku Mposa ndine. Nkhukuyo kwawo ndi konkuno.

Chakudya lero: mango osapsa owiritsa. Dzulo: mango. Akazi anga, amake Tadala, akungosenda osandiyang'ana. Ndawauza kuti atsukiretu lichero.

Lachiwiri

Mulungu ali mbali yanga, palibe kukayika.

Mlamu wanga Dalitso, mchimwene wa amake Tadala, wabwera pa sitima kuchokera ku Nayuchi komwe amakaoda zitenje. Chimanga sanabwere nacho, akuti nakonso kwavuta. Koma m'chikwama mwake muli mausi yopanda chingwe! Yofiira, yosalala, kunsi kwake kukuwala kagetsi.

Ndakhala pansi, ndaganiza ngati munthu wamkulu.

Zoipa za mausi yanga ya chingwe:
- chingwe chimakola pa msomali wa tebulo la Che Bwanali, nthawi yomwe ukufuna kutembenuka
- pakati ndinamangapo legeni
- ndi yotuwa, anzanga amati ndinaitola ku ofesi ya boma

Zabwino zake:
- imagwira ntchito, basi

Zabwino za mausi ya mlamu:
- ilibe chingwe
- imawala
- ukhoza kuwombera munthu uli chiimire pakhomo
- ilibe chingwe!

Tasinthana. Dalitso sanavute n'komwe, zomwe zandidabwitsa pang'ono, chifukwa munthu ameneyu amavuta ngakhale pobwereketsa singano. "Tengani alamu, ine zachizungu sindizitha." Nayenso walembetsa mpikisano, ndi mausi yanga yakale ija. Ndamumvera chisoni.

Yatsopanoyi ili ndi kachitsulo kake kolowetsa pa kompyuta, kakang'ono ngati chikhadabo. Popanda kameneka, palibe chochitika. Ndakasunga m'bokosi la machesi.

Madzulo kagetsi kazima. Ndatsegula kumimba: timabatire tiwiri ta ku Mozambique, totheratu. Ndi zazing'ono izi.

Lachitatu

Ndafunsa mtengo wa mabatire pa golosale. Ndi wofanana ndi wa mbale ya madeya. Ndayesa kuwafotokozera amake Tadala kuti tikadzimana lero, Loweruka tikolola. "Mwanayu adya mabatirewo?" Nkhani yathera pomwepo.

Koma munthu wanzeru sasowa pogwira. Kawailesi ka apongozi! Mabatire ake ndi omwewa, saizi yake ndendende. Amamverapo mauthenga a maliro, makwaya, ndiponso ngati chimanga cha thandizo chayandikira Balaka. M'mawa amapita kukakumba madzi mumchenga wa Rivirivi, amabwera dzuwa litapendeka. M'nyumba mwa apongozi sindilowa, ulemu ndimaudziwa. Koma wailesiyo imakhala pa msomali pakhonde, ndipo khonde si nyumba.

Sindikuba. Ndikubwereka.

Ku shopu, eee, anthu aona zakuda! Ndikusewera nditaimirira, dzanja lina m'thumba. Ndikuwagwetsa ngati mango. Wina wapempha kuti angoigwirako, ndakana.

Kachizolowezi kamodzi kokha: ndikadina, mfuti imayamba yaganiza kaye kenako n'kulira. Che Bwanali akuti, "Iyi ikuchedwatu, achimwene." Nsanje. Munthu wopemphera ngati uja!

Dalitso ali pakona phee, ndi mausi yanga yakale. Msomali wa patebulo uja waukhoma ndi mwala mpaka walowa. Zaka zonsezi ine ndimangoutukwana.

Mabatire ndabwezera apongozi asanafike. Nkhuku yandiona.

Lachinayi

M'mawa amake Tadala atenga machesi kukoleza moto. Bokosi lomwe lija! Kachitsulo kagwera m'phulusa. Ndagwada kukhitchini, ndikusefa phulusa ndi lichero lotsuka lija, iwo ataima pakhomo manja m'chiuno. Ndakapeza! Kada pang'ono mbali imodzi koma ndi kamoyo. Tsopano kakukhala m'sokosi.

Ndabwerekanso pakhonde.

Lero msilikali wanga wayamba makhalidwe. Ndikamuuza kumanja, amapita kumanja koma mochita kunyinyirika. Kawiri konse wakalowa pakhoma, n'kumayendabe pamalo amodzi, anthu akumuwombera kumsana. Komabe ndapambana kangapo, ndipo amene andigonjetsa ndi amwayi chabe, aliyense waona.

Dalitso akungodina. Kadinidwe kake ndikukamva mpaka kuno, tcha, tcha, tcha.

Madzulo apongozi atsegula wailesi. Ikunong'ona. Aiika kukhutu, aigwedeza, aimenya pabondo. "Nkhuku iwe, mabatire awa ndagula mwezi uno. Kapena nayonso wailesi yayamba kudya mango?"

Amake Tadala andiyang'ana nthawi yaitali. Ine ndikuyang'ana tcheni cha njinga.

Sindikudandaula, chifukwa mankhwala ake aliyense amawadziwa: batire likafooka umaliyanika padzuwa, limadzuka. Ndipo ngati pali chinthu chomwe Balaka ali nacho chaka chino, ndi dzuwa. Dzuwa lomwe latiwotchera mbewu lija, mawa ligwire ganyu kwa ine!

Lachisanu

Shopu ndi yotseka mpaka masana, Che Bwanali ali ku mzikiti. Bwino, mabatire apume. Ndawayanika pa lata la pamwamba pa bafa, moyang'ana kum'mawa. Lata likutentha moti sungaligwire. Pofika madzulo akhala ngati a m'sitolo, wailesi iimba, mausi iuluka, aliyense akondwa.

Mwayi winanso: ndapeza kasitomala! Mayi wina wopita kuchipatala ku Balaka. Wandilipira chinangwa chouma, ndalandira ndi manja awiri.

Ndili m'tauni, mphepo yasintha. Kumapiri a Machinga kwada bii. Anthu akuyang'ana kumwamba, palibe akulankhula, kuopa kuithawitsa. Kenako dontho pamphuno panga. Kenako wa-a-a!

Mvula! Mvula yeniyeni!

Amayi a pamsika asiya malonda, akuvina m'matope. Che Bwanali atuluka mu mzikiti mkanjo uli chonyowa, manja m'mwamba, "Alhamdulillah!" Ine ndagoneka njinga pakati pa msewu, ndikuvina ndi munthu amene sindikumudziwa, misozi ikutuluka, sindikubisa. Tidzala! Tidyanso!

Ndili pakati pa gule ndakumbukira lata la pabafa.

Njinga sinathamangepo chonchi. Ndagwa kawiri. Batire limodzi ndalipeza m'chithaphwi kuseri kwa bafa, lina nkhuku ikulijompha pansi pa mpanda. Apongozi sanaone kanthu, ali kalikiliki kusankha mbewu yomwe anabisa m'chitini, akuimba nyimbo ya kutchalitchi.

Ndawapukuta, ndawaika pafupi ndi moto. Ndayesa: zii. Ndiye ndatulutsa njira yomaliza, ya akuluakulu: kuluma. Batire ukaliluma pakati mpaka litaphwanyika pang'ono, mphamvu yobisala imatuluka. Ndaluma onse awiri. Kukamwa kukuwawa ngati ndatafuna ndalama yachitsulo.

Kagetsi kayaka! Ndani ngati ine?

Koma pano polemba ndinene zoona: ndili ndi mantha. Ku Mposa kuli amayi, kuli nsomba za m'nyanja, sindingafe. Koma ku Mposa kulibe Tadala.

Loweruka

Shopu yadzaza mpaka pawindo. Thumba lili pampando pakati, ngati mkwatibwi. Ena abwera osati kudzasewera, angofuna kuliona.

Ndime yoyamba: ndapambana!

Yachiwiri: ndapambana, msilikali akuyenda ngati waledzera koma ndapambana!

Pakati pa ndime ndikutuluka panja, kutsegula mausi, kuluma, kubwezera. Anthu azindikira. Ndikangoimirira akuimba, "Kalumeni! Kalumeni!" Asiyeni, ochemerera ndi ofunika.

Yachitatu: amene ndimapikisana naye wagwa yekha kuchokera pakhoma, koma kupambana ndi kupambana.

Fainolo: ine ndi Dalitso.

Ndamukokera pambali. Ndati alamu, zosinthana zija zinali zocheza, tiyeni aliyense atenge yake. "Iyayi alamu, ine zachizungu sindizitha." Akumwetulira ngati mlongo wake.

Tayamba. Ndikumusaka m'mabwinja. Ndamuona! Wandipatsa msana, ali poyera, ngakhale Tadala sangaphonye. Thumba ndi langa, ukwati ndi wanga. Ndadina.

Zii.

Ndadinanso. Ndatembenuza mausi: kagetsi kazima. Msilikali wanga wakweza mutu, akuyang'ana kumwamba ngati nayenso akudikira mvula. Ndatsegula, ndaluma, ndabwezera, ndalowetsa chozondoka, batire lina lagwa pansi pa tebulo. Shopu yonse ikukuwa.

Dalitso sakufulumira. Wayendetsa msilikali wake bwinobwino, wadzaima kutsogolo kwa wanga. Wadikira kaye, mwaulemu. "Pepani alamu."

Tcha.

Kulira kumeneko ndimakudziwa. Batani limenelo ndalidina ine zaka zonsezi.

Ndakhala panja pa khonde la shopu, mano akuwawa, ndikuganiza kuti njinga ndi zovala zikwana ulendo umodzi wa ku Mposa. Dalitso watuluka, thumba akulikoka pansi. Njinga alibe, msewu wa ku Rivirivi ndi matope okhaokha.

"Alamu, nyamulani ndinu. Ine nditsala m'tauni, ndibwera mochedwa. Pakhomo sindinena kanthu. Koma mausi iyi musadzaifunsenso."

Sindinaganize n'komwe. Ndamanga thumba pakaliyala ndi malegeni onse omwe ndili nawo.

Ndalowa m'mudzi ndikuliza belu kuyambira pamjigo! Anthu akutuluka m'nyumba. Amake Tadala aimba nthungululu, Tadala akuthamanga pambuyo pa njinga. Ndatsitsa thumba pakhonde la apongozi, dii, pansi penipeni pa wailesi. Sindinaname, sindinanene kanthu. Ndangopukuta thukuta.

Ndipo tikanena mwachilungamo: mausi imene yapambana mpikisano wa Balaka ndi ya ndani? Anaigula ndani? Anaimanga legeni ndani? Atsutse amene akufuna!

Lamulungu

Tadya. Tadala wadya mpaka wagona mbale ili pamiyendo. Ndamuyang'ana nthawi yaitali.

Kuchigayo anapita apongozi okha dzulo madzulo, sanafune kutuma munthu. Ndinaiwala kuti kuchigayo kumafika nkhani zonse za m'tauni.

Mabatire ndinabwezera usiku. M'mawa atsegula wailesi kuti amve mapemphero. Zii. Atsegula kumbuyo, atulutsa mabatire, awayang'anitsitsa padzuwa. Mano anga akutsogolo ali ndi mpata pakati. Mpata umenewo ukuoneka bwinobwino pa batire lililonse.

Ine ndili pansi pa mtengo, ndikupukuta njinga yopukuta kale.

Atapa chimanga pang'ono m'thumba, awaza pansi. "Nkhuku iwe, idya. Chimanga ichi wachipeza ndi mwana wanga Dalitso, Balaka yense akudziwa. Enawo amangoluma zinthu za eni."

Nkhuku yasiya kujompha.

"Koma akhale. Kunyamula amatha."

Ndikhala! Mawa mbandakucha ndinyamula manyowa kupita kumunda kwawo, mkuja mbatata ya mbewu kuchokera kutsidya, ndipo kasitomala woyamba amene ndimupeze, ndalama yake ndi ya mabatire a wailesi. Zonsezi apongozi auza nkhuku, ine ndangomva nawo.

Dalitso wadutsa ndi mausi yanga m'thumba la malaya, chingwe chikulendewera. Wandipatsa moni mwaulemu kwambiri. Amake Tadala akuseka chakumbali chiyambire m'mawa, koma madzi osamba andiikira.

Yofiira ija ndamupatsa Tadala. Waimangirira luzi kutsogolo, akuikoka pabwalo, akuti ndi minibasi ya ku Liwonde. Akakoka imabwera, akaima imaima. Siikuchedwa n'komwe.