Kalata Pakati pa Milamba

Mlanduwu muumve inu, muweruze nokha, chifukwa kwathu kuno onse agamula kale kuti wolakwa ndine, ngakhale aja sanaphunzitsepo mwana mpaka folomu. Ndamukonda mwana, ndalakwa ine. Ndamutumizira ndiwo, ndalakwa ine.

Mdzukulu wanga Tiyanjane ali ku koleji ku Mzuzu (inde, koleji, mwana woleredwa ndi mpunga wa ku Likangala, tsiku limenelo ndinavina mpaka chitenje kumasuka). Kumeneko mabedi a ku hositelo ndi ochepa, amayambira ochokera kutali. Ukanena pakamwa kuti kwathu n'kwa Mwambo, sakhulupirira. Amafuna kalata ya amfumu, yachidindo. Ikapanda kufika pofika Lachisanu la sabata yachiwiri ya teremu, bedi lipita kwa wina, mwana wamkazi akafune chipinda yekha m'tauni yachilendo.

Anandiuza pa foni, kawiri: "Anganga, kalata yokhayo, mu envelopu. Musaikemo china."

Kalata yokha? Munamuonapo ndani kuno akutumiza kwa mwana chimanjamanja? Pepala amadya? Kalata ndinakaitenga, chidindo chabuluu chili pamenepo. Ndinati ndiwonjezere timatemba, mbale imodzi basi. Matemba anafuna anzawo, milamba isanu yowamba, yonona, yonyezimira. Milamba inafuna mpunga. Envelopu inakula, inakula, inasanduka katoni ya sopo.

Tsono kalata ikhale pati? Chinthu chamtengo sitiika pamwamba, wakuba amayambira pamwamba. Ndinaipinda bwinobwino n'kuigoneka pakati penipeni pa milamba, ngati khanda pakati pa makolo.

Ku positi, mayi wa pawindo anafunsa kuti muli chiyani. Ndinati mapepala a sukulu. Ananunkhiza, anandiyang'ana, anati katoni siyenda msanga ngati envelopu, ndiganize bwino. Ndinamuuza kuti ine ndinayamba kuganiza iye asanabadwe (Mulungu andikhululukire, mayiyo ankanena zoona).

Unali Okutobala, dzuwa loswa mtengo. Katoni inafika Lachinayi, Tiya n'kuitsegula pamaso pa anzake. Milamba inali itatuluka thukuta njira yonse. Pepala lanyowa mafuta mpaka kuonekera kuseri, chidindo chasungunuka, dzina la mudzi wathu lasanduka mtambo, ndipo pamalo posaina amfumu padindika ndevu za nsomba.

Kalatayo anapita nayo ku ofesi ataigwira ndi zala ziwiri. Akuti bambo wa mmenemo anayamba watsegula zenera, kenako anati, "Mwana iwe, zoti ndiwe wa ku Chilwa palibe angatsutse. Koma fungo sitiika m'fayilo."

Anamupatsa mpaka Lolemba. Mwana anandiimbira foni akulira, akuti ndamuchititsa manyazi, akuti sindimva. Ine sindimva? Ine, ndi maondo angawa, ndinabwerera kwa amfumu, mlembi wawo kulibe, ali kudimba. Ndinamulondola m'matope, ndinamuzula pamzere wa mpunga ngati mbande, mpaka analemba ina, akuseka, akufunsa ngati iyinso ipita ndi ndiwo. Aphunzitsi a pasukulu yathu anaijambula ndi foni, ofesi inavomera chithunzicho podikira yeniyeni. Yeniyeniyo ndinaitumiza yokhayokha, yopanda n'kamchere komwe, mtima ukundiwawa.

Bedi analipeza, lapamwamba, pafupi ndi khomo. Ndinaimba, ndinavina, ndinalulutira mpaka nkhuku kuthawa.

Koma imvani chondipsetsa mtima. Anzake aja tsopano amamutcha Namlamba, akadutsa amagwira mphuno. Anzake omwewo anadya milamba yonse isanu, ndi mitu yomwe, anapsontha ndi mafupa, mpunga wanga anaphikira mu ketulo. Akutafuna akuseka, akuseka akutafuna, ana opanda mwambo!

Phunziro ndalimva, ndalimva ndithu. Chaka chamawa kalata idzapita yokha mu envelopu yake. Katoni idzapita payokha tsiku lomwelo, milamba khumi, ndipo pamwamba ndidzalemba ndi dzanja langali kuti amene anagwira mphuno agwirenso pakamwa.