Ndinagwada Kumbuyo kwa Sisitere

Dzino langa lakutsogololi ndi loikirira. Anthu akandifunsa ndimangoti linachoka pa ntchito, ndipo si bodza kwenikweni.

Zinachitika dziko litangolandira ufulu, mkuwa ukuyenda malonda, nyumba iliyonse ya ku mgodi ikufuna tiyi wa mkaka. Ndinali nditamaliza maphunziro a zaulimi ku koleji, ndipo mkazi wanga Tereza anaumirira kuti tigule ng'ombe ya mkaka, tiziweta pa kamunda kathu kupitirira Chifubu, kunja kwa Ndola. Inali yakuda ndi yoyera, choncho anaitcha Sisitere (ansembe athu sanamvepo za dzinali). Tereza anamwalira mvula isanagwe. Pamenepo sindinenapo zambiri.

Pasanapite nthawi, bere la Sisitere linatupa mbali imodzi, lotentha, louma gwa, mkaka n'kumatuluka ndi mafinya. Ndinafinyira penisilini m'nsonga ya bere monga anatiphunzitsira. Osasintha. Ndinabwereza, osasinthabe. Dokotala wa ziweto ku Ndola atayeza mkakawo anati tizilombo take tinazolowera penisilini, sitikumuopanso. Anandipatsa mankhwala ena, nati ndizikama mbali yodwalayo pafupipafupi, koma sanalonjeze kanthu.

Masiku omwewo apongozi anga, mayi ake a Tereza, anafika kuchokera ku Katete kudzachita mwambo wondimeta ndi kundimasula. Mlongo wawo, a Zulu, amene ankagwira ntchito ku mgodi ku Kitwe, anali atagamula kale kuti ng'ombe yodwalayo iphedwe, anthu adye pamwambo. Ine ndinalibe pakamwa. Kwathu mkamwini sayang'ana apongozi ake aakazi kumaso ndipo salankhula nawo mwachindunji. Mawu anga anayenera kudzera mwa a Zulu, ndipo a Zuluwo ankafuna nyama.

M'mawa wina ndili m'khola, nditanjuta, ndikukama nsonga yodwalayo, ndinamva odi. Nditasuzumira pansi pa mimba ya ng'ombe ndinaona mapazi a apongozi, a Zulu ali pambuyo pawo. Thupi langa linachita zimene linaphunzira lili mwana. Ndinasiya bere, ndinabwerera m'mbuyo, ndinagwada, ndinaweramitsa mutu. Malo amene ndinagwadawo anali kumbuyo kwenikweni kwa ng'ombe yomva ululu (ku koleji phunziro loyamba ndi loti usakhale pamenepo, ndipo ndinakhoza bwino). Kenaka ndinaomba m'manja mwaulemu.

Sisitere sanayembekezere kuti ndimalize: anaponya mwendo, dzino langa n'kuchoka. Ndinapezeka ndili chagada m'ndowe, chidebe cha mkaka wa mafinya chitandikhuthukira pachifuwa, mutu uli pamapazi a apongozi, maso anga ali m'maso mwawo. Ndiye magazi ali m'kamwa, ndinanena mawu oyamba amene ndinawauzapo iwo eni chikwatirireni mwana wawo.

"Amayi, musaiphe. Ndi ya Tereza."

A Zulu anali atayamba kuseka. Apongozi sanaseke, sanathawenso monga mwambo ukanafunira. Anamasula mpango wawo wa kumutu, nawerama, n'kundipukuta pakamwa modekha. Atatha anaimirira, nandifulatira bwinobwino ngati palibe chachitika, n'kulankhula ndi mlongo wawo.

"Achimwene, auzeni bambo awa kuti ng'ombe yomenya chonchi sinafike pakufa. Mbuzi zilipo ku msika."

A Zulu anandiuza mawu onsewo, limodzi ndi limodzi, ngakhale ndinali chigonere pomwepo ndipo ndinali nditamva. Pamwambo tinadya mbuzi.

Mankhwala atsopano aja sanapulumutse mbali yodwalayo. Inauma, ndipo Sisitere anakamidwa nsonga zitatu moyo wake wonse. Apongozi sanatchulepo za tsikulo kwa munthu aliyense, ngakhale ku Katete, kumene nkhani yotere ikanayenda mudzi wonse. Chimene ndinaona n'chakuti akabwera kudzacheza amaima kumsewu, n'kunena odi ali kutali, n'kudikira mpaka nditatuluka m'khola ndi kutseka chitseko.

Kugwada ndimagwadabe. Kungoti masiku ano ndimayamba ndacheuka.