Mmene Ndinakonzera Nkhope ya Atate

Nkhani iyi kwathu ku Kasenengwa aliyense amaikamba mwa njira yake, ndipo onse amathirako mchere. Bola ndiikambe ndekha, popeza manyaziwo ndi anga.

Atate anamwalira zaka zingapo zapitazo. Chaka chatha, titakolola mtedza, banja linagwirizana zowamangira chiliza. Ntchito zinagawidwa: wina simenti, wina mbuzi, wina kukauza akatekisi. Ine Damiyano, popeza ndimakhala ku Kapata ndipo ndimagulitsa machaja a foni m'tauni, anandipatsa ya chithunzi, choti chiikidwe pachiliza ndi pa matisheti.

Vuto linali lakuti atate sankakonda kamera. Chithunzi chawo chinalipo chimodzi chokha, chofwifwa, mphemvu zitadyako ngodya. Komanso tinene zoona, atate sanali munthu woika pa kalendala. Mano akutsogolo panalibe, pamphumi panali chipsera chachikulu, khutu limodzi lopindika ngati tsamba la fodya lofota.

Mnzanga wa pashopu yoyandikana nane anandionetsa app ina ya pafoni yokonzera zithunzi. "Ungodina apa, enhance. Imakonza chilichonse."

Ndinadina, chithunzi chinawala. Ndinadinanso, chipsera chinasowa. Nditadinanso, mano anamera! Pamenepo munthu wanzeru akanasiya. Ine ndinapitiriza mpaka khutu linawongoka, masaya anafufuma, ndipo app ija inafunsa ngati ndikufuna official look. Ndinavomera. Atate, omwe ngakhale paukwati wawo tayi anachita kubwereka, anatulukira mu suti yakuda, magalasi ali pamphuno.

Mkazi wanga anasuzumira pafoni. "Awa ndani?"

"Apongozi ako."

"Apongozi anga ati? Kodi ndili ndi angati?"

"Iwe technology suidziwa," ndinatero, n'kutumiza chithunzicho kwa osindikiza. Pa matisheti, pansi pa chithunzicho, ndinati alembe: USANI MUMTENDERE ATATE ATHU. Dzina ndinaona kuti n'losafunika. Ndani sankawadziwa atate?

Amisiri ochokera m'tauni anamata chithunzi pachiliza n'kuphimba ndi nsalu yoyera. Patsiku la mwambo ndinafika ndi thumba la matisheti n'kuyamba kugawa. Achibale anavala, kenako anayamba kuyang'anana pazifuwa. Mayi wina anachita chizindikiro cha mtanda. Mumtima ndinati, "Ehe! Awakhudza. Professional work!"

Azakhali aTisauke, mlongo wa atate, anandikokera kuseri kwa nkhokwe.

"Damiyano, mwini nkhope iyi akudziwa kuti wamuika pamalaya?"

"Adziwa bwanji, azakhali, munthu ali m'manda?"

"M'manda?"

"Nanga tasonkhanirana chiyani pano?"

"Mayo ine! Koma dzana lomweli ndinawaona akugula matimati!"

Ndinawagwira paphewa mwachifundo. "Okondedwa athu amatero, azakhali. Amaonekera. Inenso amandibwerera kutulo."

Azakhali anathamangira kumene kunali amayi ophika, manja ali kumutu. Posakhalitsa kunabuka chilirolo. "Aphunzitsi a Tembo atisiya! Aphunzitsi a Tembo!"

A Tembo ndi mphunzitsi wopuma pantchito wa kutsidya la dambo. Ndinali ndisanawaone kuyambira pamene ndinachoka kumudzi. Ndinamva chisoni ndithu. Ndinati taonani imfa kupanda ulemu, ife tili ndi chiliza, anzathu ali ndi maliro. Ndipo monga munthu wodziwa technology, ndinatulutsa foni n'kulemba pa gulu la WhatsApp la anthu akwathu: "Sad news. Aphunzitsi a Tembo atisiya. Tsatanetsatane tikuuzani." Ndinaikaponso kandulo ndi timanja topemphera.

Uthenga unathamanga ngati moto wa kutchire mu Okutobala. Aku Chipangali anafunsa za tsiku loika. Wina ku Lusaka anati akufunafuna basi.

Tili mkati mokhazikitsa anthu pansi, kunamveka belu la njinga. Ngrii ngrii! Kunjira yochokera kudambo kunatulukira munthu wa suti yakuda, magalasi ali pamphuno, mkazi wake ali pakaliyala.

Amayi ophika anataya zipande. Azakhali analowa m'khola la mbuzi n'kudzitsekera. Wang'oma wa kwaya anathawa, ng'oma n'kumagubuduka yokha kumutsatira. Akatekisi okha ndiwo analimba mtima: anaimirira atatukula korona m'mwamba.

A Tembo anatsika bwinobwino n'kuimika njinga. Foni yawo inkangolira m'thumba. Anayang'ana chifuwa cha mkulu wanga. Anayang'ana cha mlamu wanga. Anayang'ana changa.

"Pepani," anatero mwaulemu wa m'kalasi, "ndamwalira liti, ndipo n'chifukwa chiyani ine sindinauzidwe?"

Ndinayang'ana nkhope yawo. Ndinaweramitsa mutu kuyang'ana tisheti yanga. Magalasi omwewo. Masaya omwewo. Mano onse ali ndondondo. Thukuta linayenderera mpaka m'masokosi.

Koma mayi Tembo maso awo sanali pankhope. Anali pamawu. Anawerenga pang'onopang'ono, mokweza: "A-ta-te a-thu." Kenako anayendetsa maso pa gulu lonse la ovala matisheti, akulu ndi ana, n'kutembenukira amuna awo.

"Onsewa?"

"Mayi, ndikulumbira..."

"Mumati mukupita kukaphunzitsa makalasi a madzulo!"

"Ndi app!" ndinakuwa. "Si iwo, ndi atate anga! Ndi enhance!"

"Enihansi ndiye mayi wawo?"

Nthawi yonseyi amai anga anali atakhala pamphasa. Tisheti yawo inali pamiyendo, yosavala. Anadzuka, nati, "Tiyeni kumanda." Palibe anatsutsa. Tinandondozana onse, a Tembo akukankha njinga kumbuyo, azakhali akuwazungulira patali, akununkha mbuzi.

Amai sanadikire pemphero. Anachotsa okha nsalu ija. Pamwamba pa dzina la atate, a Tembo ankamwetulira ngati awina chisankho.

Amai anayang'ana nthawi yaitali.

"Damiyano, chipsera chili kuti?"

"Ndinachotsa, amai. Ndimafuna aoneke bwino."

"Mano awa ndi a ndani?"

"Foni inawapatsa."

"Ukadali wokwawa unalowa kumbuyo kwa ng'ombe yangolo. Chiboda chimene ng'ombeyo inaponya chinali choti chimenye iwe. Atate ako anaikapo nkhope yawo. Ukamandiona ndikupukuta kachithunzi kaja, ndimapukuta chipseracho."

Ndinafuna nthaka itseguke. Manda anali pompo, koma onse anali ndi eni ake.

Amai anapukuta maso ndi nsonga ya chitenje, kenako analoza chiliza. "Ndipo tamvera. A Tembowa anandifunsira ndili mtsikana. Ndinawakana, suti yawo yomweyi, ndinasankha wanga wa khutu lopindika. Malo ali pambali apawa ndi anga. Ndiye ukufuna ndidzagone mpaka kalekale pafupi ndi munthu amene ndinamukana?"

Woyamba kuphulika anali akatekisi. Anayesa kubisa ndi buku la nyimbo, koma zinakanika. Manda onse anagwedezeka ndi phwete, kupatula mayi Tembo, omwe anangoti, "Izinso simunandiuze. Tikakambirana kunyumba."

Akatekisi analamula kuti matisheti tivale chotembenuza. Tinapemphera tonse misoko ili kunja. Kenako mkulu wanga anandipatsa tchizulo ndi hamala, nati, "Technology, yamba ntchito."

Ndinagwada pachiliza anthu onse akuonerera, n'kuyamba kugogoda m'mbali mwa chithunzi. Ndili mkati, ndinamva munthu akuwerama pafupi ndi khutu langa. Anali a Tembo.

"Mwana wanga, uthenga wako uja ukaufufute, anthu ayamba kale kufunsa za njinga yanga," ananong'ona. "Koma apa gogoda pang'onopang'ono, usaswe. Ukachotsa undipatse ndikasunge. Ana anga ndimawadziwa, tsiku langa likadzafika sadzandipezera chokongola chonchi."

Masiku ano batani lililonse lolonjeza kukonza munthu, ndimayamba ndakafunsa kaye amai.